Tisaphunzitse Ana Athu Kuti Ayuda Ndi Otembereredwa

Lachisanu Loyera lapitali, titatsiriza Njira ya Mtanda mu mphakati wathu wa ku Naperi, tinamva bambo ena achikulire akulangiza ana amene anachita sewero la masautso a Ambuye. Anawauza kuti Ayuda ndi mtundu wotembereredwa chifukwa ndiwo anapha Yezu. Anawo anavomereza, ndipo ife akuluakulu tinangokhala duu, ngati kuti tamva Mthenga Wabwino. Kukhala chete kwathu kuja ndiko kwatikakamiza kulemba.

Tifuna abale athu amve za Władysław Szpilman, Myuda wa ku Poland amene anabadwa mu 1911. Iye anali katswiri woimba piyano pa wailesi ya mumzinda wa Warsaw. Pa 23 September 1939 anaimba nyimbo za Chopin mabomba a Ajeremani akugwa, ndipo tsiku lomwelo wailesiyo inazima. Mu November 1940 boma la Hitler linatsekera Ayuda oposa 400,000 m'kadera kamodzi ka mzindawo kozingidwa ndi khoma, mmene njala ndi matenda zinapha anthu zikwizikwi. Mu August 1942 bambo ake, mai ake, mbale wake ndi alongo ake awiri anakwezedwa sitima ya pamtunda kunka ku Treblinka, ndipo palibe anabwerako. Iye anapulumuka chifukwa wapolisi wina womudziwa anamsolola pamzere.

Zala zija zoimba piyano zinayamba kunyamula njerwa pa ntchito yathangata. Koma sanangodikira imfa. Pobwera kuntchito ankathandiza kulowetsa zida mobisa m'matumba a chakudya, kuti Ayuda otsala akadziteteze nazo. Mu February 1943 anathawa, nabisidwa ndi abwenzi ake achipolishi. Pa 19 April chaka chomwecho, Lolemba la Mlungu Woyera, Ayuda aja anaukira asilikali a Hitler. Pamene Akhristu a kunja kwa khoma ankakondwerera Pasaka, nyumba za anansi awo zinali kuyaka.

Mu November 1944, Szpilman ali m'mabwinja, atatheratu ndi njala, anapezedwa ndi kapitao wa asilikali achijeremani, Wilm Hosenfeld, Mkatolika amene kale anali mphunzitsi. Atamumva akuimba pa piyano yotsalira m'nyumbamo, kapitaoyo anamubisa, namampatsa buledi, ndi kumsiyira jasi lake. Hosenfeld anafera m'ndende ya ku Soviet Union mu 1952. Szpilman anabwerera ku wailesi, nakhala ndi moyo mpaka chaka cha 2000.

Ena adzati Hitler sanali mtumiki wa Eklezia. Nzoona. Koma anapeza munda wolimalima. Kwa zaka mazana ambiri Akhristu a ku Ulaya ankamva mawu onga amene tinawamva ku Naperi, kotero kuti sitima zitayamba kunyamula Ayuda, ambiri anayang'ana kumbali. Ayuda pafupifupi 6 miliyoni anaphedwa, ndipo anthu onga Hosenfeld anali owerengeka.

Ena adzati Malembo ndiwo akunena. Eklezia anayankha kale. Mu 1959 Papa Yohane XXIII anachotsa mawu onyoza Ayuda m'pemphero la Lachisanu Loyera. Pa 28 October 1965 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chotchedwa Nostra Aetate, unaphunzitsa kuti imfa ya Khristu siingaikidwe pa Ayuda onse a nthawi ija kapena a lero, ndi kuti Ayuda asamatchulidwe ngati okanidwa kapena otembereredwa ndi Mulungu. Papa Yohane Paulo II, yemwe anafika mu Blantyre muno mu May 1989, anali atalowa kale m'sunagoge wa ku Roma mu 1986. Kodi taiwala kuti Yezu mwini wake, Amai Maria ndi atumwi onse anali Ayuda? Amene analamula mtanda anali Pilato, Mroma, ndipo katekisimu wathu amati anampachika ndi machimo athu.

Enanso adzati kuno Ayuda sitiwaona, ndiye palibe amene akupwetekedwa. Apa ndipo pali ngozi. Mwana amene waphunzira kuti mtundu wathunthu ukhoza kukhala wotembereredwa, adzafuna mtundu wina wapafupi woti audane nawo. Tikumbuke za Mboni za Yehova. Boma linaletsa mpingo wawo mu 1967, ndipo mu 1972 zikwizikwi zinathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, nyumba zawo zitatenthedwa ndi anansi awo. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Sitigwirizana nawo pa chiphunzitso, koma ndi angati mwa ife amene anawatsekulira chitseko kapena kuwagawira ufa? Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tipempha tsono akatekisiti, atsogoleri a miphakati ndi onse okonza masewero a nyengo ya Lenti kuti aunike mawu amene amaika m'kamwa mwa ana. Ifenso tili ndi ngongole. Tiyenera kubwerera kwa bambo aja mwaulemu, tikakhale nawo pansi, kenaka tikaitane ana aja ndi kuwauza kuti zimene anamva tsiku lija si chiphunzitso cha Eklezia, ndi kuti ife tinalakwa posawawongolera pomwepo.