Mapanga awiri asavumbwitse achinyamata a makompyuta

Aliyense amene adalandira chitupa cha unzika pakalembera wa m'chaka cha 2017 m'boma la Dedza akukumbukira tsiku lomwe adaima pamzere kudikira kuti ajambulidwe nkhope ndi kudinda zala pakamakina. Koma ndi ochepa amene adafunsa kuti anyamata ndi atsikana omwe adakhala kuseri kwa makinawo adawalemba ntchito ndani, ankagona kuti, nanga kalemberayo atatha adalowera kuti.

Ntchitoyo idali yaikulu. Kuyambira mwezi wa May mpaka November chakacho, bungwe la National Registration Bureau mothandizidwa ndi nthambi ya United Nations yoona zachitukuko ya UNDP lidalemba Amalawi oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo. Padagwiritsidwa ntchito makina pafupifupi 2,000 oyendera mphamvu ya dzuwa, ndipo ogwira ntchito adaposa 4,000.

Khamu lonselo silidalowe m'kaundula wa ogwira ntchito m'boma. Udindo wolemba ndi kulipira anthuwa udaperekedwa ku kampani ya zauphungu ya PricewaterhouseCoopers, ndipo makontirakiti awo adali a nthawi yochepa. Ntchito idali ya boma, thandizo lalikulu lidachokera kwa abwenzi akunja, koma dzina la bwana papepala lidali la kampani.

Chitsanzochi chikuonetsa ubwino wa njirayi. Boma palokha silikadatha kupeza ndi kuphunzitsa anthu ochuluka chotero m'miyezi yowerengeka. Achinyamata ambiri omwe adali ndi madipuloma ndi madigiri koma ali khale pakhomo adapeza poyambira, ndipo adatuluka ndi luso komanso china cholemba pakalata yofunsira ntchito.

Nkhani ili pano si ya kampani imodzi kapena kalembera mmodzi. Nkhani ndi yakuti kalembedwe kantchito kotere kakufala pakati pa odziwa zamakompyuta. Banki, kampani ya mafoni kapena bungwe lachitukuko likafuna wokonza makompyuta, woyala mawaya a intaneti kapena wolowetsa maina m'makina, kawirikawiri limapita ku kampani ina yomwe imabwereketsa anthu. Kampaniyo imalandira ndalama kwa mwinintchito, n'kutapapo gawo lake, zotsalazo n'kupereka kwa wantchito.

Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa. Wantchito wotereyu ali ndi mabwana awiri: wina amamuuza chochita tsiku ndi tsiku, wina amamulipira. Zinthu zikamayenda bwino palibe amadandaula. Tsoka limabwera malipiro akachedwa, chifukwa mwinintchito amati "siwe wathu", pomwe kampani yobwereketsa imati "mwinintchito sadatipatse ndalama". Mvula imamuthera pathupi akuthamanga pakati pa mapanga awiriwo.

Kwa wantchito wa mumzinda vutoli ndi lowawa, koma kwa wotumizidwa kumapiri a Dedza limaposa apo. Taganizirani mtsikana yemwe watumizidwa kuchokera ku Lilongwe kuti akalumikize makompyuta pachipatala chaching'ono ku Mayani kapena ku Lobi. Akatsika minibasi pamsewu wa M1 ayenera kukwera njinga yamoto, chikwama cha zipangizo chili kumsana. M'miyezi ya June ndi July chisanu cha ku Dedza sichiseka ndi munthu, ndipo nyengo ya dzinja misewu ya fumbi imaterera ngati therere.

Njingayo ikamugwetsa, wolipira kuchipatala ndani? Laputopu ikasweka, adula malipiro a yani? Alawansi ikachedwa sabata ziwiri, mwininyumba yemwe adamubwereka chipinda amva zoti ndalama zikudikira siginecha ya bwana wa kulikulu? Awa si mafunso a m'kalasi. Mayankho ake ndi amene amasiyanitsa ntchito ndi ukapolo wovala taye.

Palinso bala lina lomwe silioneka msanga. Munthu amatha zaka akudumpha kuchoka pakontirakiti ya miyezi itatu kupita pa ina ya miyezi isanu ndi umodzi, pampando womwewo, pakompyuta yomweyo. Mnzake wapadesiki loyandikana, wolembedwa ndi mwinintchito, ali ndi penshoni, tchuthi ndi thandizo la kuchipatala. Iye alibe. Akapita kubanki kukapempha ngongole amabwezedwa chifukwa ntchito yake ilibe mawa. Ndipo chifukwa choopa kuti kontirakiti yake siidzawonjezedwa, amameza mawu ngakhale pomwe walakwiridwa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti malamulo oteteza anthuwa alipo, kungoti ambiri sawadziwa. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito motetezeka ndi kulandira malipiro oyenera. Lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000 limati wolemba ntchito apereke kwa wantchito chikalata chofotokoza malipiro, maola ndi zina zotero pasanathe mwezi chiyambireni ntchito, ndipo limaika malire a maola 48 pasabata.

Lamulo lomwelo lili ndi mfundo yomwe wachinyamata aliyense wa pakontirakiti ayenera kuisunga pamtima. Limati ngati kontirakiti ya nthawi yochepa ikugwiritsidwa ntchito pofuna kudzaza mpando womwe ndi wokhazikika pantchito za tsiku ndi tsiku za kampani, kontirakitiyo itengedwe ngati yopanda malire a nthawi. Kunena kwina, kudula ntchito yokhazikika m'zidutswazidutswa sikuchotsa ufulu wa munthu.

Pambali pa apo, lamulo la chipukutamisozi kwa ovulala pantchito, lomwenso ndi la m'chaka cha 2000, limaika udindo pa wolemba ntchito. Lamulo la penshoni lomwe lidabwera mu 2011 lidakhazikitsa zoti bwana azisonkha 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti ya malipiro. Wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ali ndi miyezi itatu yokadandaula kwa mkulu woona zantchito m'boma lake, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita kubwalo la Industrial Relations Court.

Vuto ndi lakuti malamulo onsewa amagwira bwino ntchito pomwe bwana ndi mmodzi ndipo akudziwika. Mabwana akakhala awiri, wodandaula amayamba wataya nthawi ndi ndalama pongofuna kudziwa woyenera kumusumira. Kwa wachinyamata wa ku Bembeke kapena ku Linthipe yemwe malipiro ake a miyezi iwiri adamira, ulendo wobwerezabwereza wa ku Lilongwe umadya zoposa zomwe akulondola. Ambiri amangoti zasiyidwa m'manja mwa Chauta.

Maiko ena adaliona kale vutoli. Ku South Africa, komwe Amalawi ambiri amapeza maganyu, lamulo lidasinthidwa mu 2015 kuti wantchito wa malipiro otsika yemwe wabwereketsedwa kwa miyezi yoposa itatu azitengedwa ngati wa mwinintchito. Mu 2018 bwalo lalikulu loona zamalamulo a dzikolo lidatsimikiza mfundoyi pamlandu wa pakati pa kampani ya Assign Services ndi bungwe la ogwira ntchito la Numsa. Nalo bungwe loona zantchito padziko lonse la ILO lidakonza pangano mu 1997 lomwe, mwa zina, limaletsa makampaniwa kulipiritsa munthu wofuna ntchito.

Malawi sayenera kukopera chilichonse cha kwa eni, koma mfundo yake ndi yomveka: wopindula ndi thukuta la munthu asamasambe m'manja zinthu zikavuta.

Choncho unduna wa zantchito uli ndi ntchito patsogolo pake. Makampani obwereketsa antchito adziwike, akhale m'kaundula woti aliyense atha kumuona, ndipo lamulo linene mosapsatira kuti malipiro akachedwa kapena wantchito akavulala, kampani yobwereketsa ndi mwinintchito onse ali ndi mlandu. Ofesi ya zantchito ya pa Dedza ipatsidwe mafuta ndi anthu okwanira kuti izifika komwe antchito ali, osangodikira madandaulo paboma.

Boma ndi mabungwe othandiza, omwe ndi amene amapereka ntchito zikuluzikulu zotere, ayambe ndiwo kuonetsa chitsanzo. Popereka kontirakiti kukampani asamangoyang'ana yotchipa. Afunse kuti wantchito weniweni alandira zingati, liti, agona pati, ndipo inshuwalansi yake ili kuti. Khonsolo ya Dedza nayo ili ndi ufulu wofunsa mafunso omwewa kwa aliyense wobweretsa gulu la antchito m'bomalo.

Eni makampani achilungamo, omwe alipo ndithu, asaope malamulo okhwima. Amene amawaonongera mbiri ndi adobadoba omwe ofesi yawo ndi chikwama ndi nambala ya foni, olonjeza kumwamba n'kuzimitsa foni tsiku la malipiro.

Kwa achinyamata eniake, phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Njala ya ntchito isachititse munthu kukwera galimoto yopita kumudzi asadaone kontirakiti. Awerenge, afunse dzina la womulemba, tsiku la malipiro ndi za ngozi, ndipo asunge kope lake pamodzi ndi mauthenga onse a pafoni. Wopempha ndalama kuti akupezereni ntchito ndi wofunika kumuthawa. Komanso mutu umodzi susenza denga: mabungwe monga Malawi Congress of Trade Unions ndi ICT Association of Malawi ayenera kutsegula makomo awo kwa antchito a makontirakiti afupiafupi, chifukwa ndi amene alibe powaulira.

Zitupa za unzika zidatheka chifukwa ana a eni adasenza makina kukwera ndi kutsika mapiri. Ntchito zina zamtunduwu zikubwera, ndipo adzasenzenso ndi omwewa. Asadanyamuke, adziwe phanga limodzi lothawiramo mvula ikagwa.