BODZA LA MAGAZI LIMAPHA KAWIRI

Pa adani atatu amene dziko lino lakhala likulimbana nawo chilandirire ufulu wodzilamulira mu 1964, ndiwo umbuli, umphawi ndi matenda, woopsa koposa ndi umbuli, pakuti ndiwo umatsekulira anzake awiriwo chitseko. Umbuli si kusadziwa kulemba ndi kuwerenga kokha ai. Ulipo umbuli wina, wa munthu wosadziwa thupi lake lomwe, amene amameza nkhani iliyonse imene wamva pachitsime, pamsika kapena pamowa. Ndipo pa zonse za m'thupi la munthu, palibe chimene chanamiziridwa zambiri kuposa magazi.

Ena amati kuli anthu oyenda usiku, anamapopa, amene amapopa magazi a anthu ali m'tulo. Ena amati munthu akapereka magazi kuchipatala ndiye kuti wadula moyo wake. Enanso amati magazi akachepa m'thupi, mankhwala ake ndi kumwa chilichonse chofiira. Zonsezi ndi mabodza, ndipo si mabodza oti munthu angoseka nkuwaleka. Bodza la magazi limapha kawiri. Koyamba limapha poyera, ndi miyala, zibonga ndi moto. Kachiwiri limapha mwakachetechete pabedi la chipatala, pamene mayi kapena mwana akufuna magazi koma mufiriji mulibe kanthu.

Za magazi si zachinsinsi. Mu 1628 dokotala wa ku England, William Harvey, anasindikiza buku losonyeza kuti mtima ndiwo umakankha magazi ndi kuwazunguliza m'mitsempha ya thupi lonse. Mtima wa munthu wamkulu umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, ndipo magazi amene umazunguliza ndi okwana pafupifupi malita 5. Magaziwo sali ngati madzi a mumtsuko amene amangochepa munthu akatunga. Thupi limawapanga usana ndi usiku m'mafuta a m'kati mwa mafupa. Maselo ofiira, amene amanyamula mpweya wabwino kuchokera m'mapapo kupita ku ziwalo zonse, amakhala masiku pafupifupi 120, kenaka amafa ndipo atsopano amalowa m'malo mwawo. Munthu wodziwa zimenezi sanganamizidwe msanga. Wosazidziwa ndiye nyama ya aliyense wa pakamwa pothwa.

Nkhani ya anamapopa si yachilendo m'dziko muno. Pakati pa 1968 ndi 1970, pamene anthu osachepera 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi madera ena a mzinda wa Blantyre, kunamveka mphekesera yakuti magazi a ophedwawo ankatumizidwa ku South Africa. Imfazo zinali zenizeni, koma umboni wa kutumiza magaziwo sunaoneke. Kumapeto kwa 2002 mphekesera inabukanso m'chigawo cha kummwera. Munthu anaphedwa ndi miyala ndipo ansembe atatu a Katolika anamenyedwa. Mu September 2017 inayambira ku Mulanje, nkufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu ndi Nsanje, mpaka kulowa mu Blantyre. Anthu osachepera 9 anaphedwa. Mmodzi wa iwo anali mnyamata wodwala khunyu, amene anatenthedwa ndi moto. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Maambulansi anagendedwa, ndipo ogwira ntchito zachipatala ankaopa kuyenda ndi kachipangizo komvetsera kugunda kwa mtima, poopa kuti anthu anganene kuti ndi chopopera magazi. Mu 2020 bodza lomweli linadzukanso m'maboma ena a pakati ndi kumpoto, ndipo anthu enanso anafa.

Tsono funso nali, ndipo ofalitsa mphekeserayi ayankhe: pa zaka zonsezi, ndani anagwirapo namapopa ali ndi botolo la magazi m'manja? Ndi chipatala chiti chinalandirapo munthu amene madokotala anamuyeza nkupeza kuti wapopedwadi? Mu 2017 bungwe la madokotala m'dziko muno linanena poyera kuti panalibe umboni uliwonse wa kupopedwa magazi. Mitembo imene inaikidwa m'manda m'miyezi imeneyo sinali ya anthu opopedwa ai. Inali ya anthu ophedwa ndi anansi awo, ena a iwo alendo ongodutsa ndi katundu pamsana.

Aliyense amene anaonapo mmene magazi amatengedwera kuchipatala amadziwa kuti nkhani ya kupopa munthu ali m'tulo ndi nthano. Namwino amamanga mkono, amafufuza mtsempha pamalo powala, ndipo amalowetsa singano yaikulu imene munthu sangalephere kuimva. Kudzaza kathumba kamodzi kumatenga mphindi pafupifupi 10, munthu ali chete osagwedeza mkono. Magazi akatuluka m'thupi amaundana m'mphindi zochepa, monga amadziwira aliyense amene anaphapo mbuzi, nchifukwa chake m'kathumbako mumakhala kale mankhwala oletsa kuundana. Akatengedwa amasungidwa pozizira madigiri 2 mpaka 6, ndipo ngakhale atasungidwa bwino motero, pakatha masabata 5 kapena 6 amatayidwa. Nanga munthu woyenda mumdima, wodumpha mipanda, wothamangitsidwa ndi agalu, angachite bwanji zonsezi kudzera pazenera kapena padenga la udzu?

Komabe nkulakwa kunyoza munthu amene wadzuka m'mawa ali wofooka, mutu ukuzungulira, mtima ukugunda mofulumira. Kufooka kwakeko nkoona. Chabodza ndi dzina limene amuuza kuti apatse kufookako. Opopa magazi alipodi m'midzi ya dziko lino, koma savala nsapato ndipo sayenda pa galimoto. Woyamba ndi malungo: tizilombo timene udzudzu umasiya m'thupi timalowa m'maselo ofiira ndi kuwaphulitsa, ndipo mwana akadwala kawiri katatu m'dzinja limodzi, zikhatho zake zimayera. Wachiwiri ndi njoka zam'mimba za mtundu umene umalowera pakhungu la mapazi a munthu woyenda wopanda nsapato pamalo pamene ena anachita chimbudzi. Zimakakamira m'matumbo ndi kuyamwa magazi tsiku ndi tsiku. Wachitatu ndi likodzo, limene limatengedwa posamba ndi pochapa m'madzi okhala nkhono zofalitsa matendawa, ndipo limatulutsa magazi mumkodzo. Wachinayi ndi chakudya chosakwanira, nsima ndi ndiwo yamtundu umodzi chaka chonse. Mudzi umene amuna ake amachezera usiku wonse ndi zikwanje kudikira namapopa, pamene ana akugona opanda neti ndipo pakhomo palibe chimbudzi, ukulondera khomo lakutsogolo mbala italowera kuseri.

Bodza lachiwiri ndi la mankhwala a kuchepa kwa magazi. Mwana akayera maso ndi zikhatho, ena amaphika masamba a mapeyala mpaka madzi afiire nkumumwetsa, ena amamugulira zakumwa zofiira za m'botolo, poganiza kuti chofiira chikalowa m'mimba chimasanduka magazi. Kufiira kwa madzi si magazi. Chimene thupi limafuna kuti lipange magazi ndi mchere wa ayironi pamodzi ndi zakudya zomanga thupi: chiwindi, nyama, usipa, matemba, mazira, nyemba, nandolo, bonongwe, chisoso ndi khwanya. Zipatso monga magwafa, malalanje ndi malambe zimathandiza thupi kutenga ayironiyo, pamene tiyi womwera pa chakudya amachepetsa ayironi amene thupi likadatenga. Mayi woyembekezera amene amalandira mapiritsi a ayironi kusikelo nkukawabisa pansi pa mphasa, poopa kuti mwana akula kwambiri m'mimba, akudzikonzera yekha tsoka la tsiku lobereka. Ndipo mwana amene wayera kale zikhatho, amene akupuma mobanika, alibe nthawi yodikira mphika wa masamba uwire. Ameneyo malo ake ndi kuchipatala, tsiku lomwelo.

Pomwepa pali mwambo wotema mphini kuti akuti magazi oipa atuluke. M'thupi mulibe magazi oipa okhala paokha pamutu kapena pabondo. Magazi ndi amodzi, ndipo amazungulira thupi lonse pa mphindi imodzi yokha. Kutema munthu wofooka kale ndi kumuchotsera zochepa zimene watsala nazo. Choopsa koposa ndi lumo limodzi lotemera banja lonse, pakuti ndi njira yopatsirana kachilombo ka HIV ndi matenda a chiwindi.

Bodza lachitatu ndilo limapha mwakachetechete. Amati wopereka magazi amafooka moyo wake wonse, amati mwamuna amatha mphamvu m'nyumba, amati magaziwo amagulitsidwa kwa okhwima. Zoona zake ndi izi. Munthu amapereka mamililita 450, osakwana ndi theka la lita lomwe, ndiye kuti osafika gawo limodzi mwa magawo 10 a magazi ake. Asanapereke amayezedwa, ndipo wochepa magazi, wodwala kapena woyembekezera amabwezedwa. Madzi a m'magazi amabwerera m'thupi m'tsiku limodzi kapena awiri, maselo ofiira m'masabata owerengeka, ndipo munthu wathanzi akhoza kuperekanso pakatha miyezi 3 kapena 4. Singano imakhala yatsopano kwa munthu aliyense ndipo ikagwira ntchito kamodzi imatayidwa. Mphamvu ya mwamuna m'nyumba ilibe chochita ndi kathumba kameneka. Alipo anthu amene apereka magazi kambirimbiri, ndipo akulima, akubereka, akukalamba monga wina aliyense.

Kumene magazi amapita nkodziwika. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003, limatenga magazi kwa anthu opereka mwaufulu popanda malipiro, limawayeza ngati alibe HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi C, kenaka limawagawa m'zipatala. Ngati pena pake pangapezeke wogwira ntchito wouza wodwala wa m'chipatala cha boma kuti apereke kangachepe mwamseri kuti alandire magazi, ameneyo ndi mbala, ndipo akanenedwe kwa akuluakulu a chipatala ndi kupolisi. Koma mbala imodzi si chifukwa chosiyira mayi wosalakwa kuti afe.

Amene amafa magazi akasowa ndi odziwikanso. Ndi mayi amene wabereka bwino koma magazi sakuleka kutuluka. Kutaya magazi kotereku ndi chimodzi mwa zinthu zazikulu zimene zimapha amayi pa uchembere, ndipo kukhoza kutenga moyo m'maola awiri okha. Ndi mwana wa zaka zosakwana 5 amene malungo amutha magazi. Ndi wovulala pa ngozi ya pamsewu. Palibe fakitale pa dziko lapansi imene imapanga magazi oikidwa m'thupi la wodwala. Amachokera m'mkono wa munthu mnzake basi. Nchomvetsa chisoni, ndipo nchochititsa manyazi, kuti gawo lalikulu la magazi a m'dziko muno limaperekedwa ndi ana a sukulu, kotero kuti sukulu zikatsekera, zipatala zimalira. Tchuthi cha December chimafika pamene mvula yayamba ndipo malungo akukula. Nanga abambo amphamvu, olima maekala, onyamula matumba a chimanga pamutu, amakhala ali kuti? Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Bambo amene lero akuletsa mwana wake kupereka magazi, mawa adzaima pakhomo la chipinda chochilira akupempha alendo kuti apulumutse mkazi wake.

Palinso ena amene amati magazi a mtundu wina sangalowe mwa munthu wa mtundu wina. Mu 1901 Karl Landsteiner, dokotala wa ku Vienna, anapeza kuti magazi a anthu ali m'magulu, amene lero amatchedwa A, B, AB ndi O, ndipo mu 1930 analandira mphotho ya Nobel chifukwa cha ntchitoyi. Pokumbukira tsiku lake lobadwa, pa 14 June chaka chilichonse maiko amathokoza opereka magazi. Magulu amenewa sadziwa mtundu, chigawo, chipembedzo kapena khungu. Mtumbuka wa ku Rumphi akhoza kupulumutsa Msena wa ku Nsanje, Mlomwe akhoza kupulumutsa Mngoni, pamene abale a bere limodzi akhoza kukhala a magulu osiyana. Magazi sasamutsa khalidwe, ufiti kapena chikhulupiriro cha munthu. Amanyamula mpweya ndi chakudya cha thupi.

Udindo wothetsa mabodzawa uli pa onse amene mau awo amamveka. Mfumu imene imalola anyamata kutchinga msewu ndi kusecha alendo pofuna anamapopa yataya ulemu wa mpando wake, pakuti ntchito ya mfumu ndi kusunga bata ndi kuteteza mlendo. Mbusa kapena shehe amene amaona nkhosa zake zikuopa mlangizi wa zaumoyo, iye nkukhala chete, wagwirizana ndi bodzalo. Mphunzitsi aphunzitse za mtima ndi mitsempha mwakuti mwana akafika kunyumba athe kufotokozera agogo ake. Wandale wa mbali iliyonse amene angatole mphekesera yotere kuti aipitse mbiri ya mnzake, adziwe kuti akuwotha moto umene ukutentha nyumba ya mwini mudzi. Ndipo amene walandira uthenga wa anamapopa pa foni, asanautumize kwa wina adzifunse kuti wauona ndi maso ndani, pakuti chala chotumiza bodza chili ndi mlandu pamodzi ndi dzanja loponya mwala.

Safunsa anadya phula. Amene akukayika za magazi ake apite kuchipatala akayezetse ndi kufunsa. Kuyezetsa ndi kubaya chala kamodzi kokha. Amene akuopa opopa magazi agone m'neti, akumbe chimbudzi, amwetse ana mankhwala a njoka zam'mimba ndi a likodzo akamaperekedwa kusukulu. Ndipo amene ali ndi thanzi, akamva kuti otenga magazi afika pasukulu, patchalitchi, pamzikiti kapena pamsika wa kwawo, asathawire kuthengo. Apinde mkono wa malaya, akhale pampando, apereke.