Makina akalephera azinena kuti alephera

Mwezi uno ndikulemba ndili ku Greenside, mumzinda wa Mutare m'dziko la Zimbabwe, komwe ndidadzazonda mlongo wanga. Nkhani imene ndakutengerani ndi ya liwu limodzi lokha la m'kati mwa kompyuta, koma liwu limeneli lidatsala pang'ono kudanitsa alimi omwe akhala akugwira ntchito limodzi kwa zaka zambiri.

Mwana wa mlongo wangayo adaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta. Mphwangayu amathandiza gulu lina la alimi a kunja kwa mzindawu lomwe limasonkhanitsa nyemba ndi chimanga kuti ligulitse pamodzi. Mlimi akabwera ndi matumba ake amawayeza pa sikelo, ndipo kulemera kwake kumalembedwa m'pulogalamu. Madzulo aliwonse pulogalamuyo imakopera zonse za tsikulo pa fulashi kuti zisatayike. Poyamba ntchitoyi inkachitikira pa kompyuta ya mu ofesi ndipo inkayenda bwino. Kenaka gululo lidapeza kachipangizo kakang'ono kotha kuyendera batire ndi sola, ndipo mphwanga adasamutsira pulogalamu yomwe ija m'menemo osasinthamo kanthu.

Tsiku ndi tsiku kachipangizoko kankalemba kuti kukopera kwatheka. Kudagwa mvula ya mphezi ndipo kadapsa. Atatsegula fulashi ija adapeza mulibe ngakhale dzina limodzi. Chidawapulumutsa n'chakuti msungichuma wa gululo, mayi wachikulire amene achinyamata ankamuseka kuti ngwachikale, sadasiye kulemba m'kope lake. Pakadapanda kopelo, palibe akadadziwa kuti uje adabweretsa matumba angati, ndipo inu mukudziwa momwe nkhani ya ndalama imaphwasulira gulu.

Nditamufunsa chomwe chidachitika, mphwanga adangoti, "Amalume, makina aja adanama." Ndidaseka, poti bodza ndimalidziwa pakati pa anthu. Koma atandifotokozera ndidaona kuti akunena zoona.

Mapulogalamu amalembedwa m'ziyankhulo zakezake. Chimodzi mwa ziyankhulo zotchuka chimatchedwa C, ndipo adachiyambitsa ndi Dennis Ritchie ku Bell Labs, m'dziko la America, cha m'ma 1972. Wolemba pulogalamu salemba chilichonse yekha. Amatenga zida zopangidwa kale m'nkhokwe imene amaitcha laibulale, monga momwe mmisiri wa nyumba amagulira misomali m'malo mosula yake. Chimodzi mwa zidazo dzina lake ndi system. Ntchito yake ili ngati ya mtumiki: pulogalamu imamupatsa lamulo, monga lakuti kopera zolembedwazi uziike pa fulashi, ndipo iye amapita nalo kwa kapitawo wa kompyuta, amene amatchedwa shell. Kapitawoyo ndiye amagwiritsa ntchitoyo. Pobwerera, mtumiki amabwera ndi yankho, ndipo yankholo limakhala nambala.

Chiyankhulo cha C chitafala, makampani osiyanasiyana ankapanga malaibulale awoawo, ndipo pulogalamu yoyenda bwino pa makina ena inkasokonekera pa ena. Choncho akatswiri adakhala pansi n'kugwirizana malamulo amodzi. Bungwe loona za miyezo ku America, la ANSI, lidatulutsa malamulowa mu 1989, ndipo bungwe la dziko lonse la ISO lidawavomereza mu 1990. Ife Amalawi izi sizachilendo kwa ife, pakuti Chichewa Board itakhazikitsidwa mu 1972 idatulutsa malamulo a kalembedwe ka Chichewa mu 1973, kuti wolemba wa ku Nsanje ndi wowerenga wa ku Kasungu azimvana.

Tsono malamulo a C amanena chiyani za mtumiki uja? Amati pulogalamu ili ndi ufulu wofunsa kaye ngati pa makinapo pali kapitawo. Imatero pomupatsa mtumikiyo chizindikiro chapadera chotanthauza kuti palibe lamulo lililonse. Ngati kapitawo alipo, yankho limakhala nambala ina iliyonse yosakhala 0. Ngati palibe, yankho ndi 0. Funsoli n'lofunika chifukwa makina ang'onoang'ono ambiri alibe kapitawo.

Pali malamulo enanso otchedwa POSIX, omwe bungwe la IEEE lidayamba kutulutsa mu 1988, ndipo makompyuta a Linux amawatsatira kwambiri. Amenewa amafotokoza za yankho la mtumiki akatumidwa ndi lamulo lenileni. Ayenera kudikira mpaka ntchito itatha, asabwerere msanga. Ayenera kunena momwe ntchitoyo yathera, ndipo mwa chizolowezi 0 amatanthauza kuti zonse zayenda bwino. Ngati sadathe n'kuyamba komwe ulendowo, ayankhe -1. Ngati kapitawo walephera kudzuka, yankho lizionetsa nambala 127.

Mwaona pamene pali msampha. Nambala 0 ili ndi matanthauzo awiri. Poyankha funso loyamba imatanthauza kuti kapitawo kulibe. Poyankha za lamulo lenileni imatanthauza kuti ntchito yatheka. Amene adakonza laibulale ya kachipangizo kaja adaona kuti m'menemo mulibe kapitawo, ndipo adangolemba kuti mtumikiyo aziyankha 0 nthawi zonse. Pa funso loyamba yankholi lidali loona. Koma pulogalamu ya mphwanga sinkafunsa funso limenelo. Inkangotuma lamulo lokopera, n'kulandira 0, n'kulemba kuti zatheka, pamene mtumikiyo sadasunthe n'komwe pa mpando.

Mphwanga sadabise kuti mbali ina ya mlandu idali yake. Safunsa adadya phula. Adakonza zinthu ziwiri. Mu laibulale adasintha mizere yochepa kuti pomwe palibe kapitawo, mtumiki akapatsidwa lamulo lenileni aziyankha -1. Umu ndi momwe imachitira laibulale yodziwika bwino ya makina ang'onoang'ono yotchedwa newlib. M'pulogalamu yake adaikamo kuti izifunsa kaye ngati kapitawo alipo, izisamala yankho lililonse, ndipo ikatha kukopera iziwerenganso zomwe zili pa fulashi. Pomaliza adatumiza zomwe adakonzazo kwa eni laibulaleyo kuti ena asagwe m'mbuna yomweyo.

Wina angafunse kuti, bwanji osangokonza pulogalamu yakeyo n'kusiya laibulale momwe ilili? Yankho lili m'mbiri ya mzinda uno. Njanji yochokera ku doko la Beira idafika ku Mutare, komwe nthawi imeneyo kunkatchedwa Umtali, mu 1898. Idali yopapatiza, ya masentimita 61 pakati pa zitsulo ziwiri. Njanji yochoka kuno kupita ku Harare, yomwe idatha mu 1899, idali yotambalala, ya masentimita pafupifupi 107, monga njanji za kummwera. Sitima ya ku Beira sinkatha kupitirira pa Mutare. Katundu yense ankayenera kutsitsidwa ndi kupakiridwanso m'mabogi ena. Akadatha kumangoonjezera anthu onyamula katundu chaka ndi chaka, koma adaona kuti chanzeru n'kukonza njanjiyo, ndipo mu 1900 adaikuza kuti ifanane ndi inzake. Laibulale yosatsata malamulo ili ngati njanji yopapatiza ija: aliyense wodzera pamenepo ayenera kutsitsa katundu wake, ndipo wosadziwa amagwa naye. Ukakonza njanji wakonzera onse.

Nkhaniyi ikukukhudzani ngakhale simulemba mapulogalamu. Masiku ano alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo amatumiza malipoti pa foni. Magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama amasunga mabuku awo m'makompyuta. Alimi amalandira malipiro pa EcoCash kuno ku Zimbabwe, kapena pa Airtel Money ndi TNM Mpamba kumudzi. Tonse tazolowera kukhulupirira mawu oti zatheka akaoneka pa galasi. Koma mawu amenewa amalembedwa ndi munthu, ndipo munthu amalakwitsa. Mlimi amadziwa kale kufunika kwa muyezo: thumba la makilogalamu 50 liyenera kukhala 50 pa sikelo iliyonse, ndipo ogula ena amakana chimanga chosauma kufika pa mlingo wogwirizana. Tizifunsa zomwezo kwa makina athu.

Choncho bungwe lina likabweretsa chipangizo kapena pulogalamu ku gulu lanu, chitani izi lisanachoke. Choyamba, chiyeseni pochilepheretsa dala. Zulani fulashi, kapena zimitsani intaneti, kenaka chilamuleni kuti chisunge kapena kutumiza. Chikanena kuti zatheka, dziwani kuti chidzakunamizaninso tsiku la tsoka. Chachiwiri, sabata iliyonse tsegulani fulashi pa kompyuta ina ndi kuona ndi maso anu kuti zolembedwa zilimodi. Ngati mumatumiza malipoti, imbirani foni ku ofesi n'kufunsa ngati afika. Chachitatu, pulogalamu ikasamutsidwira pa chipangizo chatsopano, muyesenso zonse ngati n'koyamba, pakuti vuto la alimi aja lidalowera pa kusamuka. Chachinayi, funsani wobweretsayo kuti ndani adzakonze zinthu zikavuta, ndipo dzina la ofesi yake lilembedwe m'buku la gulu. Chachisanu, musataye kope ndi cholembera mpaka makinawo atadutsa nyengo yathunthu ya zokolola osakukhumudwitsani.

Kwa achinyamata athu amene mukuphunzira za makompyuta m'masukulu a ku Mutare, Zomba, Chipata ndi Tete, ndikuti werengani malamulo a chiyankhulo chomwe mukulembera, ngakhale akhale otopetsa. Chida chanu chikakhala kuti sichingathe ntchito ina, chilembeni kuti chizinena poyera kuti sichingathe. Kumbuyo kwa nambala imodzi imene mwaiika mwachangu kuli thukuta la mlimi la chaka chathunthu.

Gulu lija lidagula kachipangizo kena, ndipo pulogalamu yokonzedwayo ikugwira ntchito. Pamsonkhano wawo adagwirizana kuti mayi msungichuma apitirize kulemba m'kope lake, ndipo Loweruka lililonse aziyerekeza zolemba zake ndi za m'makina. Tikumanenso mwezi wamawa.