Lamya M'manja mwa Mwana wa Sukulu

Intaneti inafika m'Zambia m'caka ca 1994, pamene akatswiri a pa Yunivesite ya Zambia anakhazikitsa ZAMNET. Masiku amenewo inali cida ca ophunzira kwambiri. Lero iri m'thumba la munthu wamba, ndipo madzulo lamya imagwera m'manja mwa mwana wa Giredi 3. Makolo anyadira, nati mwana wacenjera. Koma kucenjera kwa cala si nzeru ai.

Coipa ca lamya ndi cakuti imayankha msanga. Mwana akapatsidwa samu ya kunyumba, safunanso kulimbana nayo. Afunsa makina, nakopera yankho m'kope lace. Ciyambire 2022, pamene ChatGPT inaturuka, makina alemba ngakhale cimangirizo conse. Mphunzitsi aconga nakondwa, osadziwa kuti mutu wa mwanayo uli ngati nkhokwe yofoleredwa bwino koma yopanda cimanga. Ndiponso maso ozolowera tizithunzi ta TikTok, tosatha ndi mphindi yomwe, aona tsamba limodzi la buku ngati ulendo wa pansi wocokera ku Chipata kunka ku Lusaka. Motero mwana ayamba kuyesa maphunziro cinthu cotola, ndipo ciri conse cofuna thukuta acicha cotopetsa. Anthu akale anati kuona maso a nkhono nkudekha. Lamya iphunzitsa kusadekha.

Ena adzati sukulu zitatsekedwa m'caka ca 2020 cifukwa ca mliri wa Covid-19, lamya inathandiza ana ena kuphunzira. Nzoona. Mpeni nawo ndi wothandiza, koma palibe mai wanzeru ausiyira khanda. Dziko la France, kumene makina otere ali mbwee, linaletsa lamya m'sukulu za ana m'caka ca 2018, ndipo UNESCO inacenjeza maiko za cinthu comweci m'caka ca 2023. Kodi iwowa ndiwo osadziwa citukuko?

Boma linacotsa malipiro a sukulu m'caka ca 2022, koma cilakolako ca kuphunzira silingacigule. Mlanduwu ugwera anyamata ndi asungwana amene atsiriza sukulu, pakuti kawirikawiri ndiwo abwereka ang'ono ao lamya kuti aleke kuwasokosa. Awa ayenera kukhala pamphasa ndi mwanayo, kumuwerengetsa mokweza, ndi kumleka avutike ndi samu kufikira ataipeza yekha. M'cipinda ca mayeso lamya silowamo. Mwana alowa ndi mutu wace wokha. Mtengo auongola ukali waung'ono.