ZA UMOYO M'BANJA: Katemera Wolimidwa ndi Chotupitsa Mkate

Makolo ambiri pakati pathu anaikapo mwana m'manda chifukwa cha malungo, choncho nkhani ya katemera wa nthendayi tiimve mofatsa. Dziko la Malaŵi ndilo linatsogola kubaya ana katemerayu, wotchedwa RTS,S, mu Epulo 2019, ndipo Ghana ndi Kenya anatsatira chaka chomwecho.

Mankhwala onga asipirini apangidwa posakaniza zinthu zopanda moyo, koma katemerayu alimidwa ndi chamoyo, ndicho yisiti, chotupitsa mkate chija tichiŵerenga pa Mateyu 13:33. Akatswiri aphunzitsa yisitiyo kupanga kachidutswa ka khungu la kachilombo ka malungo, kolumikizana ndi kachidutswa ka kachilombo ka hepatitis B. Tizidutswati tiundana tokha n'kukhala timibulu tofanana ndi kachilombo, koma m'kati mulibe kanthu. Sitingaswane, sitingadwalitse munthu. Thupi likationa liyesa mdani, nilikonzeratu asilikali ake, kuti tsiku limene udzudzu udzalavulira kachilombo kenikeni m'magazi, kadzagwidwe kasanafike ku chiŵindi kumene kayambira kuchulukana. Kuti thupi ligalamuke msanga, aonjezamonso mankhwala ochokera ku makungwa a mtengo wina wa ku Chile.

Achinyamata ena amva mawu akuti nanotechnology, naopseza nawo agogo awo kuti m'jakisoni muli timakina. Iyayi, ana athu. Nanomita ndi muyeso chabe: mukagaŵa milimita imodzi m'zigawo 1,000,000, chigawo chimodzicho ndiye nanomita. Timibulu tija sitifika ngakhale nanomita 100, ndipo umenewu ndiwo msinkhu wa tizilombo tambiri timene thupi linazoloŵera kulimbana nato.

Chotidetsa nkhaŵa chili kwina. Mwana ayenera kubayidwa kanayi: pa miyezi 5, 6, 7, kenaka pa miyezi 22. Maulendo atatu oyambawo amayi ambiri alimbikira, pakuti mwana akali kumsana ndipo kusikelo apita mwezi ndi mwezi. Koma ulendo wachinayi ufika patapita miyezi 15, mwana akuthamanga yekha pabwalo, mwina mayi ali ndi pakati pena, buku la kusikelo laiŵalika m'sutikesi. Pamenepo mphamvu ya katemera ili kuchepa kale. M'madera amene anayesa katemerayu m'maiko atatu aja, imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zinatsika ndi 13 pa 100 zilizonse. Komabe mwana wobayidwa angathe kudwala malungo, chotero neti isachoke pamphasa pake.

Inu abambo, tsiku la ulendo wachinayi lilembeni pa kalendala ya pakhoma. Ndipo amayi a Chigwirizano, poyendera mabanja a m'dera lanu, pemphani kuona buku la mwana aliyense amene wayandikira zaka ziŵiri.