Kudzipereka kusasanduke thangata

Pali bodza lokoma m'khutu limene ndatopa nalo: lakuti anthu amtima wabwino angathe kusamalira okha njira za m'mapiri, boma litapinda manja. Ndikulankhula monga mmodzi wa anthu ogwira fosholo kwaulere pachilumba cha Mount Desert, m'chigawo cha Maine ku America, kumene kuli mbali yaikulu ya paki ya Acadia.

Ntchitoyi ndimaikonda, ndipo mbiri yake ndi yonyaditsa. Njira zambiri zapachilumbachi zinalambulidwa pakiyo isanakhazikitsidwe mu 1919, ndipo amene anatsogolera ntchitoyo ndi mabungwe otukula midzi monga la ku Bar Harbor. Waldron Bates anasiya chizindikiro chimene chikulondolerabe oyenda: miyala iwiri pansi, wina wogona pamwamba pake, ndi kamwala koloza njira. Lero ife timakonza zizindikirozi alendo akazigwetsa, timadula tchire, timafukula ngalande. Mu Novembala anthu amabwera ndi mareki kudzachotsa masamba m'ngalande za misewu ya ngolo imene John D. Rockefeller Jr. anamangitsa. Masamba akatseka ngalande, madzi amatsata msewu n'kuukokolola. Mdani wamkulu wa njira ndi madzi.

Koma tinene chilungamo. Pakiyi ili ndi njira zoyenda pansi zotalika makilomita oposa 200, ndipo mu 2021 yokha maulendo a alendo anafika pafupifupi 4 miliyoni. Masitepe amwala okwera mapiri amafuna mmisiri wodziwa kuswa thanthwe ndi kukoka chimwala cholemera ndi zingwe zachitsulo popanda kuphwanya mwendo wa mnzake. Luso limeneli silibwera pogwira ntchito m'mawa umodzi pa sabata. Mafunde a mu Januwale 2024 atagumula njira ya Ocean Path m'mphepete mwa nyanja, panafunika akatswiri ndi makina. Reki yanga sikanathandiza kanthu.

Nanga boma likuchita chiyani? Mu Febuluwale 2025 linachotsa antchito pafupifupi 1,000 a nthambi yoyang'anira mapaki, ya National Park Service. Khoti linalamula kuti abwezeredwe, koma mtima wa olamulira unaonekeratu. Komanso ntchito zokonza zimene zakhala zikungozengerezedwa m'mapaki a dzikolo zikuposa madola 20 biliyoni. Zinthu zili chonchi, aliyense woyamikira ongodzipereka koma osatchula bajeti akutipaka mafuta pakamwa.

Ena amati, "Onani bungwe la Friends of Acadia, si umboni woti anthu wamba angathe?" Ayi, ndi umboni wa mgwirizano. Thumba la Acadia Trails Forever limene linayamba mu 1999 linali la madola 13 miliyoni: 9 miliyoni zochokera kwa opereka, 4 miliyoni zochokera ku ndalama zolowera m'paki. Mutu umodzi susenza denga. Ndiponso chilumbachi chili ndi mwayi wa anthu olemera amene amabwera kudzapuma nyengo yotentha. Paki yopanda anansi achuma idzalira kwa yani?

Ife olankhula Chichewa tikudziwa mmene mawu abwino amapotozedwera. Thangata poyamba kunali kuthandizana pakati pa anansi. Eni minda achitsamunda a ku Shire Highlands anawatenga mawuwo n'kuwasandutsa ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala. Ku Acadia palibe wotikwapula, zoona. Komabe pamene thukuta laulere lilowa m'malo mwa malipiro a munthu amene anali kudyetsa ana ake ndi ntchito yomweyo, chifundo changa chasanduka chikwanje chodulira mnzanga.

Choncho anzanga ongodzipereka, tisasiye. Tizipita, tizifukula ngalandezo. Koma tizifunsanso kuti ntchito imene tapatsidwa inali ya yani chaka chatha. Ngati inali ya wolembedwa amene wachotsedwa, tiikane poyera, ndipo tilembere aphungu amene amagawa ndalama za mapaki. Dzanja logwira fosholo lili ndi ufulu wogwiranso cholembera.