Pa Bua tisafere K1,000



Aliyense wodutsa pa Bua popita ku Dwangwa akudziwa kuti M5 ndi yopapatiza, koma tikulimbirana momwemo ndi malole a shuga. Akabaza ambiri anaphunzitsidwa njinga ndi mnzawo pabwalo la mpira, masiku atatu, basi pamsewu. Okwera atatu, chisoti palibe. Apolisi akamugwira amangomulipiritsa, mawa wabwereranso osadziwabe malamulo.

Nanunso abambo athu, madalaivala akale, musangoti ana amakono ndi opupuluma. Laisensi munatenga njinga zamoto zisanachuluke chonchi. Maso munapimitsa liti?

Tikufuna a Road Traffic abwere ku Nkhotakota kuno adzaphunzitse achinyamata ndi akulu omwe, m'Chichewa, pamtengo woti wakabaza angakwanitse.

Tumizani kumagulu onse.